Kadontho Kaja Ndi Mlongo Wanga

Iwe Nelia, mwana wanga wotsiriza,

Ndine bambo ako. Cholembera chili m'manja mwa amalume ako a Dyton, koma mawu onse ndi anga. Ndawauza kuti akamaliza andiwerengere, ndipo pamene afewetsa ndidzapamva. Ndikudziwa kuti uli pafupi pomwepa, kwa mkulu wako ku Chonde, ndipo ndikanatha kukwera kabaza kudzakupeza. Koma tinayesa kale kulankhulana pakamwa. Ine ndinakuwa, iwe unandiponyera mawu a m'mabuku, amayi ako anathawira kudimba. Pepala sungalidule mawu. Uwerenge mpaka pansi.

Ndiyambe ndi kutchula ana anga, kuti udziwe pamene waima. Fanuel amayendetsa lole ya tiyi kupita ku Limbe, ndipo sanagonekepo galimoto m'ngalande. Esinta ali ndi okala yake ku Chonde, ya njerwa zowotcha, anaimanga yekha mwamuna atathawira ku Joni. Rabson ndi kalipentala ku Chinakanaka, zitseko za tchalitchi chathu ndi manja ake. Mervis ndi namwino, lero akubaya jakisoni anthu amene ankamuseka chibwibwi. Kenako iwe. Digiri ya saikoloje ili pakhoma m'nyumba mwanga, ndipo mawa ukukwera minibasi ya ku Zomba kukayamba yachiwiri. Ine sukulu ndinalekezera pamene ankatiphunzitsa kulemba pamchenga, koma ana anga onse ndinawaimika. Mwa onsewa palibe amene anandichititsapo manyazi pagulu. Woyamba ndiwe, wophunzira kuposa onse.

Ndifotokoza nkhani yonse monga inayendera, chifukwa iwe ukuikumbukira mokomera iwe mwini.

Unabwera kuno ndi kafukufuku wako wofuna kudziwa mmene mitima ya amayi amasiye ilili chichokereni mvula yaikulu ija imene inagumula phiri ndi kukokolola nyumba kumbali ya Limbuli. Unati sungathe kufunsa onse, ufunsa ena okha. Unalemba mayina patimapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'beseni la amayi ako losambira, n'kuwauza kuti atseke maso azitola. Ine ndinaseka. Ndinati, "Kodi ndi sukulu imeneyi kapena ndi juga? Bwanji osangopita kwa amayi odziwa kulankhula, ndikusonyeze ine?" Iwe unati ukasankha ndi maso ako, udzasankha a pafupi ndi msewu ndi amene amakusekerera, ndipo zotsatira zake zidzakhala za mtima wako, osati za amayi amasiye. Unatcha zimenezi sampulo.

Pamenepo ndinasiya kuseka, chifukwa ndinazindikira. Nditangokwezedwa kukhala kapitawo ku esiteti ya tiyi, ntchito yanga inali kuima pasikelo ndi kutapa masamba m'dengu lililonse kuti ndione ngati athyola bwino, tiwiri tanthete ndi kansonga kake. Ndinkatapa pamwamba. Gulu langa linkaoneka la akatswiri okhaokha, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo. Tsiku lina a kufakitale anakhuthula matumba athu pansi anthu akuona. Pansi pake panali masamba okhwima, mitengo, mwina ndi chitsa. Amayi othyola tiyi aja anali atandiwerenga kalekale. Mayi wina wa ku Milanje anandiuza m'maso muli gwa, "Akapitawo, dzanja lanu ndi lalifupi, ife titani?" Kuyambira tsiku limenelo ndinkapisa mpaka chigongono, lero pakati, mawa pansi, osadziwika. Ndiye beseni lako ndinalimvetsa. Pamenepo unachita bwino, ndipo amalume ako alembe kuti ndatero.

M'beseni muja munatuluka dzina la azakhali ako a Filesi, mlongo wanga wa bere limodzi. Unapita, anakukana. Unabwerera kuno nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti anthu otoledwa akamakana, otsalawo amakhala amtundu umodzi, olankhulalankhula okhaokha, ndipo sampulo imapendekeka. Ndinamva chisoni. Ndinavala jekete, tinapita limodzi.

Ukukumbukira zimene ananena? Anali akusenda chinangwa, sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Achimwene, za mumtima mwanga zisiyeni momwemo. Mwanayu akafunse ena, amasiye ndi ambiri kuno."

Ine ndinati, "Filesi, uyu ndi mwana wathu yemwe, unamubereka kumbuyo iwe. Dzina lako silimveka kulikonse. Ndikulumbira ine."

Anaika mpeni pansi nati, "Mukatero inu eni mbumba, ine ndikana ndili yani?"

Iwe unatulutsa pepala lako n'kuwawerengera bwinobwino kuti ali ndi ufulu wokana, ali ndi ufulu wolekeza panjira. Unawerenga ine nditaima pomwepo, jekete lili pathupi. Nelia, ufulu wake uti? Zimenezi ndikuzidziwa. Kale ku esiteti kunabwera alendo ndi mapepala kudzafunsa ngati antchito ali okondwa. Anaika tebulo pansi pa mtengo, ine anandipempha kuti ndiimike anthu pamzere, ndipo ndinaima chapafupi ndi ndodo yanga. Aliyense anati, "Tili bwino, bwana." Ngakhale bambo wina amene m'mawa womwewo anatukwana esiteti yonse mpaka agogo ake a mwini wake, anati ntchito ikukoma ngati uchi wa m'phiri. Alendo analemba, nakwera galimoto akumwetulira. Munthu amayankha akuyang'ana amene waima pambali. Ukakafika ku Zomba uzikumbukira zimenezi. Usanafunse funso, uziyamba wayang'ana amene ali pakhomo. Tsiku lija pakhomo panali ine, ndipo iwe wophunzira unayenera kunditulutsa usanawerenge pepala lako. Sunatero chifukwa unkafuna kuti avomere.

Pambuyo pake ndinachoka, munatsala awiri m'nyumba. Ndipo mlongo wanga, amene sanauzepo munthu za banja lake, ngakhale ine, anakutsegulira zonse. Sanakupatse "tili bwino, bwana". Anakupatsa zenizeni. Kodi ukudziwa kuti zimenezo n'zosowa bwanji?

Tsopano tifike pa tsiku la kusukulu ya pulayimale lija. Unati malamulo a kafukufuku amafuna kuti wofufuza abwerere kwa anthu kukawauza zimene wapeza. Ndinakondwa. Ndinauza aliyense, ndinaitana ndi amene sanaitanidwe. Ndinakhala kutsogolo. Kalasi inadzaza, ana anasuzumira pamawindo. Abale a malemu a Jonasi, amuna awo a azakhali ako, analipo, pamodzi ndi mng'ono wawo a Bizweki. Azakhali ako anakhala kumbuyo ndi amayi anzawo.

Unapachika chipepala chachikulu pabolodi. Panali timadontho tambiri titaunjikana malo amodzi ngati manyi a mbuzi, ndipo unati kadontho kalikonse ndi mayi mmodzi. Unafotokoza kuti ambiri sagona tulo, mvula ikangoyamba kugunda pamalata mtima umathamanga, ena chakudya sichilowa. Amayi ankagwedeza mitu, ena ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Unalankhula bwino, Chichewa chomveka, osasakaniza Chingerezi. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti anthu aone kuti bambo ake ndine.

Kenaka mphunzitsi wina anaimika dzanja nati, "Nanga kadontho kali kokhakokha kumunsi uko, kanasochera?"

Anthu anaseka. Iwe maso ako anawala. Unati, "Funso labwino kwambiri!" Ndimakudziwa, Nelia. Kuyambira uli wamng'ono ukadziwa yankho sutha kulisunga, limakuyabwa pakhosi. Unati kameneko ndi mayi mmodzi wosiyana ndi onse, amene mtima wake unapepuka m'malo molemera. Ukanalekera pomwepo. Koma unapitiriza. Unati dzina sutchula, ndi mayi wachikulire wogulitsa nanazi, amene anapulumuka chifukwa tsiku la mvulalo anagona kwa anzake. Ndiye unatsegula kope lako n'kuwerenga mawu ake enieni: "Bambo aja anandithamangitsa ndi chikuni monga mwa masiku onse. Chifereni iwo, ine ndimagona tulo mpaka tambala."

Mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi kuyang'ana kumbuyo.

A Bizweki anaimirira, nakonza chipewa chawo, nati, "Mwana wa sukulu, dzina usavutike nalo. Sunga inki yako. Alamu athu tikuwadziwa." Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Mwamva nokha. Nyumba ikugwa, munthu ali kwa anzake. Anadziwa bwanji kuti atuluke? Lero akugona tulo. Ife amene tinafukula mbale wathu m'matope ndi manja, tulo tilibe."

Azakhali ako anadzuka n'kutuluka, osathamanga, osalira. Anadutsa pakati pa anthu ngati akupita kumadzi.

Iwe chichitikireni zimenezi sunapondeko ku Limbuli, ndiye ndikuuze zimene zili kumeneko. Nanazi zawo zikuwolera pamsika, anthu akulambalala kukagula kwa woyandikana nawo. Amayi a kumpingo amene ankadzawatenga popita kukaona odwala, tsopano akudutsa njira ya kuseri. Ana akawaona akuthawa akukuwa mawu aja amene sindilola kuti alembedwe m'kalata yanga. Mwana wawo weniweni, msuweni wako Gift, sakuwapatsa moni, akuti anyoza bambo ake ali m'manda. Ndipo miyala yayamba kugwa padenga. Iwe unakulira kuno. Ukudziwa zimene zimachitikira mayi wokalamba wokhala yekha, anthu akayamba kumuloza chala chotere. Sizithera pamiyala ya padenga. Rabson wasiya ntchito zake, akugona kumeneko pakhonde ndi mpini wa khasu.

Ndinapita kukawaona. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, ulemu wonse. Ndinalankhula zambiri. Potsiriza anangoti, "Achimwene, munalumbira." Basi. Ine munthu amene ndinkaimitsa gulu lonse la othyola tiyi ndi liwu limodzi, ndinasowa poyang'ana.

Tsopano ndiyankhe zimene unandiuza tsiku tinakangana lija, chifukwa sunandipatse mpata.

Unati, "Bambo, dzina ndinabisa, malamulo ndinatsata." Malamulo amenewo analembera anthu a kuti? Mwina ku Blantyre, kumene munthu sadziwa amene wagona kuseri kwa khoma lake, mayi wachikulire wogulitsa nanazi angakhale aliyense. Kuno timadziwana ndi kutsokomola komwe. Munthu akadutsa mumdima timadziwa ndi kaponyedwe ka phazi kuti ndi mwana wa uje. Ndani ku Limbuli sadziwa mayi amene anagona kwa anzake tsiku la mvula? Unachotsa dzina n'kusiya nanazi, n'kusiya msinkhu, n'kusiya chikuni. Kuli ngati kumuphimba munthu kumaso ndi mpango n'kumuyendetsa pamsika atavala chitenje chake chimene aliyense amachidziwa. Usadzabwerezenso. Ukadzafuna kubisa munthu, uzidzifunsa ngati mlamu wake angamuzindikire. Akatha kumuzindikira, sunabise kanthu.

Unatinso, ndipo apa unakweza mawu, kuti ena akanangochotsa kadontho kaja kuti avareji ioneke yosalala, koma iwe unakana chifukwa kutaya yankho loona ndi kunama. Ndamva. Avareji ndikuidziwa, inandiluma kuphazi. Chaka china ku esiteti anaganiza zotigulira magambutsi. Kalaliki wina waulesi, m'malo moyeza aliyense, anafunsa anthu angapo, nawonkhetsa, nagawa, napeza saizi ya pakati, naitanitsa yomweyo ya gulu lonse. Ine phazi langa ukulidziwa, amayi ako amati ndi khasu. Ndinachita kudula kutsogolo ndi chikwanje, zala zili panja, minga ikundibaya ndili m'gambutsi. Mnzanga wina wamfupi ankaika masanza mkati, akamayenda phwa, phwa, ngati bakha. Amene anakwana bwino anali ochepa. Choncho usaganize kuti ndikufuna ukanataya azakhali ako kuti chiwerengero chako chikongole. Ayi. Anayenera kuwerengedwa. Amayi amene amapuma mwamuna wankhanza akachoka alipo, ndipo a mabuku ayenera kudziwa. Koma kuwerenga munthu ndi kwina, kumuimika pabwalo ndi kwina. Pamene madontho aunjikana, aliyense amabisala kumbuyo kwa mnzake. Kadontho kokhala kokha kalibe pobisala. Ndiko kanafunika kuti ukatchinge ndi thupi lako, ndipo ndiko unakaloza ndi ndodo. Kadontho kaja ndi mlongo wanga, Nelia. Ndinkamubereka popita kumtsinje amayi athu ali kumunda.

Ndipo unati, "Koma zimene ananenazo ndi zoona." Ndani wakana? Zoona zake ndi zimene zikundiwotcha. Mlongo wanga anamenyedwa ndi chikuni zaka zonsezi, ine mwini mbumba ndikudya kalongonda ndi a Jonasi pa Khirisimasi, osadziwa kanthu. Ndinazimvera m'kalasi, pamodzi ndi ana a pawindo. Koma zoona zimenezo zinali zake. Anakubwereka kuti zikuthandize sukulu. Sanakupatse kuti ugawire mudzi.

Amalume ako asiya kaye kulemba, akuti ndapsa mtima kwambiri ndipo mwana akupita kutali, ndimudalitse. Ndawauza kuti madalitso akubwera, ayambe alemba izi.

Pali chinthu china chimene unandiphunzitsa iwe wemwe, ndipo ndikufuna uchitenge ukachigwiritse ntchito. Pakhomo pano panali mtengo wa mango wa agogo ako, amayi a amayi ako, waukulu, wa mango okoma. Fanuel ndi Esinta ali aang'ono, chaka chilichonse mango akapsa, ana malungo. Mango akatha, malungo amachepa. Ndinaona chaka choyamba, chachiwiri, ndinati ndagwira wakuba. Ndinatenga nkhwangwa n'kuugwetsa, ine mkamwini, mtengo wa apongozi, pamudzi pa eni ake. Agogo ako anakhala osandilankhula mpaka chimanga chinacha. Chaka chotsatira mango kunalibe, malungo anabwera monga kale. Nkhani imeneyi ndinakusimbira uli chaka chachiwiri ku koleji, ndipo unaseka mpaka kugwira m'mimba. Unati, "Bambo, zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Mvula ndi imene imabweretsa zonse, mango ndi udzudzu." Unati zimenezi ndiye phunziro loyamba m'kalasi mwanu, ndipo amene salimvetsa samulola kupitirira.

Tsono tamvera zimene akunena a Bizweki. Mayi anatuluka, nyumba inagwa, ndiye kuti mayi anagwetsa nyumba. Mwamuna anafa, mkazi akugona tulo, ndiye kuti mkazi anapha mwamuna. Si nkhwangwa yanga ija imeneyi? Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinadula mtengo, iwo akunola ya munthu. Chinamutulutsa mlongo wanga m'nyumba ndi chikuni cha mbale wawo. Chinagwetsa nyumba ndi phiri, limene linagwetsanso nyumba za anthu amene akazi awo anali m'kati. Iwe uli nazo zonsezi m'mutu, umatha kuzifotokoza mpaka munthu wosaphunzira ngati ine n'kumva. Unaima pamaso pa anthu pamene zinali zokoma, anthu akuwomba m'manja. Pamene pafunika munthu woti aime n'kumasula zimene anamanga, wathawira kwa Esinta, ukupakira masutukesi.

Esinta wandiuza kuti sukudya, ukungolira, ukuti mwina usiye maphunzirowa chifukwa sukuyenera. Zimenezo ndiye zopusa kuposa zonse. Ukasiya, miyala ileka kugwa? Misozi yako ku Chonde ikuthandiza ndani ku Limbuli? Ntchito yako ndi yofunika, ndaiona ndi maso anga. Amayi ako omwe, amene ndagona nawo nyumba imodzi moyo wanga wonse, anandiuza pobwerera kusukulu kuja kuti nawonso mvula ikagunda usiku amakhala tsonga kumvetsera phiri. Sindinkadziwa. Anayamba kunena chifukwa anamva iwe ukunena kuti ambiri ali choncho ndipo si misala. Ndiye usandiuze za kusiya. Upite ku Zomba, ukaphunzire, ukapose onse. Koma upite ngati munthu amene wakonza pamene anaipitsa.

Nazi zimene ndikufuna, ndipo sindikupempha.

Mawa usakwere minibasi ya m'mawa. Zomba sathawa, ukafika madzulo. Uyambe wapita ku Limbuli. Upite wekha, ine sindibwera, ndinaima kale pakhomo paja kokwanira. Usatenge kope, usatenge foni yojambulira mawu, usavale nsapato zako zogogoda zija. Ukagwade. Usakafotokoze za malamulo a kafukufuku, usakanene kuti cholinga chako chinali chabwino. Ukanene kuti, "Azakhali, munandisungitsa, ine ndinamwaza." Akakutukwana, ukamve. Akakhala chete, ukakhale nawo chetecheteyo mpaka akuuze okha kuti nyamuka. Ndipo ukawafunse, pakhomo popanda wina woimapo, ngati akufuna kuti mawu awo akhalebe m'buku lako. Akati achoke, achoke, ngakhale aphunzitsi ako atawakonda chotani. Ulendo uno ufulu uja ukhale weniweni.

Ukakafika kusukulu, ukawauze aphunzitsi ako zimene zachitika, zonse, osadzikometsera. Ngati amaphunzitsa ana kuti kufufuta dzina n'kokwanira, adziwe kuti kumudzi sikokwanira. Pambuyo pako pakubwera ana ena ndi mabeseni awo, adzapita m'midzi ya eni.

Ndipo kulikonse kumene udzapite ndi mafunso ako, Nelia, uzikumbukira kuti iwe umakwera galimoto n'kuchoka, woyankha amatsala. Amatsala ndi alamu ake, ndi mpingo wake, ndi msika wake. Usanatsegule pakamwa pagulu, uziganiza za mmene Lolemba lake lidzakhalire iwe utachoka, osati za m'manja mwa anthu a tsiku limenelo. Ndipo yankho likamakuyabwa pakhosi, umeze. Si funso lililonse labwino limene liyenera kuyankhidwa pamaso pa anthu. Ukanati, "Kameneko tikambirana patokha, aphunzitsi," bwenzi lero ndikukulembera za mabulangete ndi za anyamata a ku Zomba, monga amachitira makolo ena.

Za anyamatazo amayi ako akuuza okha. Akupatsira nandolo ndi ufa, zili m'thumba limene labwera ndi kalatayi. Ine dalitso langa ndi ili: Mulungu akupatse mutu wakuthwa monga wakupatsa kale, akuwonjezere khutu. Ndiwe mwana wanga, ndimakunyadira, ndipo ndakukwiyira kwambiri. Zonsezi zili mumtima umodzi, sizikukankhana.

Chotsiriza. Ndatuma mawu kwa abale a malemu a Jonasi, ndipo avomera, ngakhale a Bizweki anayamba afunsa ngati kudzakhalenso chipepala cha madontho. Tidzakumana mabanja onse awiri pakhomo pa azakhali ako ku Limbuli, Loweruka lachiwiri la mwezi wa Disembala, m'mawa. Abusa adzakhalapo. Fanuel wapempha kale tchuthi, Mervis wasinthana ndi mnzake, Esinta adzatseka okala. Ine ndidzalankhula za chikuni, chifukwa imeneyo ndi mbali yanga ngati mwini mbumba, ndipo a Bizweki adzandimva. Iwe udzalankhula za phiri ndi za tulo. Udzawauza, m'Chichewa chomwe chija unalankhula kusukulu, chimene kadontho kaja kakutanthauza ndi chimene sikakutanthauza, mpaka Gift adzathe kuyang'ana amayi ake kumaso.

Usanditumizire uthenga wa mayeso kapena wa kusowa thiransipoti. Fanuel adzakutenga. Mpando wako udzakhala pambali pa azakhali ako, moyang'anana ndi a Bizweki. Ukapanda kubwera, sindidzauchotsa ndipo sindidzalola wina kukhalapo. Udzakhala pomwepo wopanda munthu mpaka msonkhano kutha, aliyense akuuona.

Ndine bambo ako.